Mafunso ndi mayankho: butterfly ya amuna pa mipikisano yosambira ya dziko lonse

Nthawi iliyonse mpikisano waukulu wosambira ukaonetsedwa pa kanema, mafunso ambiri amagwera pa butterfly. Mitundu ina ija munthu amatha kuiyerekeza ndi momwe tinkasambirira kudambo tili ana. Koma iyi ayi. Amuna asanu ndi atatu akuvuuka m'madzi nthawi imodzi, manja tambasu, kenako n'kumiranso, ndipo woonera amangoti kodi amenewa akudzizunziranji chonchi. Nawa mafunso amene amabwerabwera.

Butterfly n'kusambira kotani?

Dzinali likutanthauza gulugufe, chifukwa manja onse awiri amatuluka m'madzi nthawi imodzi n'kuponyedwa kutsogolo ngati mapiko. Koma chinsinsi chake sichili m'manjamo. Chili m'chiuno. Miyendo imakhala yophatikizana, ndipo thupi lonse limayenda ngati funde, kuyambira pachifuwa, kudzera m'chiuno, mpaka kumapazi. Nsomba zathu, chambo kapena mlamba, zimagwedeza mchira cham'mbali. Dolphin imaugwedeza m'mwamba ndi pansi, ndipo n'chifukwa chake kamenyedwe ka miyendo aka amakatchula dzina la nyama imeneyi. Manja akazungulira kamodzi, miyendo imamenya kawiri: koyamba manja akamalowa m'madzi kutsogolo, kachiwiri akamatuluka pafupi ndi ntchafu.

Pa liwiro, butterfly ndi yachiwiri. Pa mamita 100, pofika mu 2025, rekodi ya freestyle (kupalasa mosinthanitsa manja) idali masekondi 46.40, ya butterfly 49.45, ya backstroke (kusambira chagada) 51.60, ndipo ya breaststroke (kusambira ngati chule) 56.88.

Idayamba liti, ndipo adayambitsa ndani?

Idabadwira m'kati mwa breaststroke, ngati kuzembera malamulo. M'zaka za m'ma 1930 osambira ena adazindikira kuti lamulo la breaststroke silidanene kuti manja azibwerera kutsogolo kudzera pansi pa madzi. Ndiye adayamba kuwadutsitsa pamwamba, poti mpweya sukaniza ngati madzi. Henry Myers adachita zimenezi pa mpikisano wina ku Brooklyn mu 1933. Cha nthawi yomweyo ku University of Iowa, mphunzitsi David Armbruster ndi wosambira wake Jack Sieg ankayeserera kamenyedwe ka dolphin kaja.

Kwa zaka pafupifupi 20 kudali chisokonezo. Mu mpikisano umodzi wa breaststroke, ena ankasambira mwachikale, ena akuulutsa manja, ndipo oulutsa manjawo ndiwo ankapambana. Breaststroke yeniyeni ikadatha. Mu 1952 bungwe la FINA, loyang'anira masewero osambira pa dziko lonse, lidagawa mitundu iwiriyi, ndipo butterfly idalowa payokha mu Olimpiki ya 1956 ku Melbourne, komwe William Yorzyk wa ku America adapambana mamita 200. Mamita 100 a amuna adabwera mu 1968 ku Mexico City. Bungwe lija lero limatchedwa World Aquatics, ndipo mpikisano wake wa dziko lonse udayamba mu 1973 ku Belgrade.

Amapikisana mitunda ingati?

Itatu: mamita 50, 100 ndi 200. Wa mamita 50 udalowa mu mpikisano wa dziko lonse mu 2001 ku Fukuoka, ndipo mu Olimpiki ukaonekera koyamba ku Los Angeles mu 2028. Butterfly imapezekanso mu medley, mpikisano wophatikiza mitundu yonse inayi. Munthu akamasambira mitundu inayi yekha amayamba ndi butterfly. Akamapatsirana anthu anayi, wa butterfly amakhala wachitatu.

Kunena zoona, mitunda itatuyi ili ngati masewero atatu osiyana. Wa mamita 50 ndi wa zigandanga, amuna a mapewa ngati chitseko, ndipo ambiri amapuma kamodzi kokha kapena osapuma n'komwe. Nicholas Santos wa ku Brazil adatenga golide wa mtunda umenewu m'dziwe la mamita 25 mu 2022 ali ndi zaka 42, zimene simungaziganizire pa mamita 200.

Mpikisano umayenda bwanji kuti munthu afike mu fainolo?

M'mawa onse amasambira m'magulumagulu. Chofunika si kupambana gulu lako koma nthawi yako, chifukwa amasanja nthawi za onse n'kutenga 16 othamanga kwambiri. Madzulo, anthu 16 amenewa amasambira masemifainolo awiri, ndipo asanu ndi atatu amapita mu fainolo, imene kawirikawiri imachitika madzulo a tsiku lotsatira. Amene wachita bwino kuposa onse amapatsidwa njira nambala 4, wachiwiri nambala 5, wachitatu nambala 3, mpaka a m'mbali. N'chifukwa chake mukaona fainolo kuchokera pamwamba osambira amaoneka ngati mutu wa muvi.

Dziwe la mpikisanowu ndi la mamita 50, ndipo madzi amawasunga pakati pa madigiri 25 ndi 28. Palinso mpikisano wina wa dziwe la mamita 25. Marekodi ake amawerengedwa padera, ndipo nthawi zake zimakhala zofulumira chifukwa munthu amakankha khoma kambiri.

Ndi zolakwa ziti zimene zingachotsetse munthu?

Kunyamuka chizindikiro chisanalire, ngakhale kamodzi kokha, basi zako zathera pomwepo. Manja ayenera kupita kutsogolo limodzi, pamwamba pa madzi. Miyendo iyenera kumenya limodzi, osasinthanasinthana ngati pa freestyle, osatambasulanso ngati chule. Pokhota ndi pomaliza, manja onse awiri akhudze khoma nthawi imodzi. Ndipo mutu uyenera kukhala utatuluka m'madzi pofika mamita 15 kuchokera poyambira kapena pokhotera. Oyang'anira ena amayenda m'mbali mwa dziwe, ena amaima pakhoma atawerama kuyang'ana manja, ndipo masiku ano pali makamera a pansi pa madzi owathandiza.

Bwanji amabira nthawi yaitali chonchija asanayambe kupalasa?

Chifukwa pansi ndi pofulumira. Pamwamba munthu amalimbana ndi mafunde amene iye mwini akupanga. Pansi palibe zimenezo, ndipo ngati wawongola thupi bwino, manja atawaphatikiza kutsogolo kwa mutu, liwiro limene wakankhira khoma limakhalitsa. Denis Pankratov wa ku Russia adagwiritsa ntchito nzeru imeneyi mopanda manyazi pa Olimpiki ya ku Atlanta mu 1996. Ankabira mtunda wautali anzake akupalasa pamwamba, n'kudzavuuka ali patsogolo, ndipo adatenga golide wa mamita 100 ndi 200 yemwe. Mu 1998 lamulo la mamita 15 lidaikidwa pa butterfly, apo ayi masewerowa akadasanduka mpikisano wosunga mpweya.

Komabe mamita 15 omwewo ndi chuma. Pa 31 July 2024 pa Olimpiki ya ku Paris, mu fainolo ya mamita 200, Kristóf Milák wa ku Hungary adatsogola mpaka khoma lomaliza. Léon Marchand wa ku France adakhota ali kumbuyo, n'kubira nthawi yaitali kuposa mnzakeyo pa nthawi imene mapapo amakhala akupempha mpweya, ndipo atavuuka mpata uja udali utachepa. Adapambana ndi 1:51.21, Milák 1:51.75. Usiku womwewo, pasanathe maola awiri, Marchand adabwereranso n'kudzatenga golide wa mamita 200 a breaststroke. Mphunzitsi wake ndi Bob Bowman, yemwe uja adaphunzitsa Michael Phelps, katswiri wa ku America.

Kodi n'zoona kuti butterfly ndiyo yovuta kuposa mitundu yonse?

Osambira amatsutsana, koma ine ndimavomereza, ndipo ndili ndi kaumboni kanga. Ndidayeserapo kunyanja, madzi a m'chifuwa, ana akundionerera. Kupalasa koyamba kudayenda. Kwachiwiri manja adatuluka mokakamiza. Kwachitatu chiuno chidamira, manja adakana kutuluka, ndidatsegula pakamwa kufuna mpweya n'kumwa madzi. Ndidaimirira ndikutsokomola, ana aja ali gwagwagwa kuseka.

Vuto lake ndi loti butterfly ilibe giya yotsika. Pa freestyle ukatopa umachepetsa liwiro n'kumapitabe. Pa butterfly ukachedwa, chiuno chimatsika, thupi limaimirira m'madzi, ndipo kutulutsa manja kumafuna mphamvu zochuluka kuposa poyamba, pamene mphamvuzo ndiye zatha. Ngakhale akatswiri zimawachitikira. Yang'anani mamita 25 omaliza a mpikisano wa mamita 200: munthu amene amaoneka ngati akuuluka pa mamita 120, pano manja akungokhukhuza madzi, chibwano chakwera, ndipo amene adali wachisanu akumudutsa. Mpikisano wa mamita 200 ndi wa munthu wodziwa kugawa mphamvu ngati ufa wa mwezi wa February.

Ku Beijing mu 2008, kodi Phelps adapambanadi, kapena Čavić adaberedwa?

Funso ili silitha. Idali fainolo ya Olimpiki ya mamita 100, ndipo Phelps ankafuna golide wachisanu ndi chiwiri kuti afanane ndi Mark Spitz, amene adatenga agolide asanu ndi awiri pa Olimpiki ya 1972. Pa mamita 50 adakhota ali wachisanu ndi chiwiri. Milorad Čavić wa ku Serbia adali patsogolo, ndipo pofika kumapeto aliyense woonera adaona kuti Čavić ndiye wafika. Bolodi idalemba zina: Phelps 50.58, Čavić 50.59.

Chidachitika n'chakuti onse awiri adafika pakhoma ali pakatikati pa kupalasa. Pa butterfly sungatambasule dzanja limodzi ngati pa freestyle. Uli ndi njira ziwiri: kuwongola manja n'kumayandama mpaka ukhudze, kapena kuponyanso manja mwachidule ngakhale mpata wachepa. Čavić adasankha kuyandama, ndipo adadzutsanso mutu, zimene zimachepetsa liwiro. Phelps adaponyanso manja kachiduleko n'kumenya khoma mwamphamvu. Pakhomapo pamakhala chipangizo chimene chimaimitsa wotchi, ndipo chimafuna kudinikizidwa ndithu, kuti mafunde okha asachiimitse. A ku Serbia adadandaula. Woyang'anira wamkulu wa mpikisanowo, Ben Ekumbo wa ku Kenya, adaonera zithunzi za makamera othamanga kwambiri ndipo adagamula kuti zotsatira zikhale momwemo.

Maganizo anga ndi oti Čavić sadaberedwe. Adaluza chifukwa cha chisankho cha sekondi yomaliza, ndipo si iye woyamba. Ku Seoul mu 1988 Matt Biondi wa ku America adayandama chimodzimodzi pa mamita 100, ndipo Anthony Nesty wa ku Suriname adamulanda golide ndi 53.00 kwa 53.01. Chosangalatsa n'chakuti ku London mu 2012 Phelps mwiniwake adagwa mu mbuna yomweyo. Pa mamita 200, mtunda umene adaulamulira zaka zoposa khumi, adayandama pomaliza, ndipo Chad le Clos wa ku South Africa adafika ndi manja ali pa liwiro: 1:52.96 kwa 1:53.01.

N'chifukwa chake akatswiri amawerenga kapalasidwe kawo. Amadziwa kuti kuchoka khoma ili kufika lija amaponya manja kangati. Ku Beijing komweko, pa mamita 200, magalasi a Phelps adadzaza madzi moti kumapeto sankaona chilichonse. Adawerenga, adafika pakhoma bwinobwino, n'kuswa rekodi ndi 1:52.03.

Nanga awiri akafika nthawi imodzi?

Nthawi amaiwerenga mpaka gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Akafanana pamenepo, amagawana mendulo. Ku Rio mu 2016 anthu atatu adalandira siliva wa mamita 100: Phelps, le Clos ndi László Cseh wa ku Hungary, onse 51.14. Golide adatenga ndi Joseph Schooling, 50.39, woyamba wa dziko la Singapore mu Olimpiki. Schooling ameneyu ali ndi zaka 13 adajambulitsapo chithunzi ndi Phelps ngati mwana wongomusirira. Koma ngati kufananako kuli pa malo omaliza olowera semifainolo kapena fainolo, awiriwo amabwereranso m'madzi n'kupikisana okhaokha.

Marekodi ali ndi ndani?

Pofika kumapeto a mpikisano wa ku Singapore mu 2025, m'dziwe la mamita 50 zidali chonchi. Mamita 50: Andriy Govorov wa ku Ukraine, 22.27, ku Rome mu 2018. Mamita 100: Caeleb Dressel wa ku America, 49.45, ku Tokyo mu 2021. Mamita 200: Kristóf Milák, 1:50.34, kwawo ku Budapest mu 2022.

Ya mamita 200 ndiyo ili ndi nkhani. Phelps adaiswa koyamba mu 2001 ali ndi zaka 15, ndipo idakhala m'dzina lake zaka 18, akumangoitsitsa yekha mpaka 1:51.51. Kenako ku Gwangju mu 2019 kudatulukira mnyamata wa zaka 19, Milák, n'kusambira 1:50.73. Pa masewero amene anthu amalimbirana 0.01, iye adachotsapo 0.78. Sabata yomweyo Dressel adachotsanso Phelps pa mamita 100 ndi 49.50, mu semifainolo.

Timamva za zovala zoletsedwa. Zidali zotani?

Mu 2008 ndi 2009 makampani adatulutsa zovala zothina zokuta thupi lonse, zina za polyurethane, zimene zinkafinya minofu n'kuthandiza munthu kuyandama. Pa butterfly, komwe vuto lalikulu ndi kumira kwa chiuno, phindu lake lidali loonekeratu. Pa mpikisano wa dziko lonse ku Rome mu 2009 marekodi 43 adasweka. Kumeneko Phelps ndi Čavić adakumananso, ndipo onse adatsika pansi pa masekondi 50 kwa nthawi yoyamba m'mbiri: 49.82 ndi 49.95. Kuyambira January 2010 zovalazo zidaletsedwa. Mwamuna tsopano amavala cha nsalu, kuchokera m'chiuno kulekeza m'mawondo. Ichi n'chifukwa chake ena amalemekezabe kwambiri 50.40 ya Ian Crocker ya ku Montreal mu 2005, imene adaisambira zovala zamatsengazo zisanabwere.

Kodi Africa ili ndi dzina pa butterfly?

Ili nalo, ndipo lalikulu ndi la ku South Africa. Roland Schoeman adatenga golide wa dziko lonse wa mamita 50 mu 2005 ku Montreal ndi mu 2007 ku Melbourne. Chad le Clos, mwana wa ku Durban, atagonjetsa Phelps ku London sadathere pomwepo. Adapambana mamita 100 ndi 200 ku Barcelona mu 2013, mamita 100 ku Kazan mu 2015, ndi mamita 200 ku Budapest mu 2017. Amene adaonera London amakumbukanso bambo ake, Bert le Clos, akulephera kudziletsa ndi chimwemwe pa kanema ya BBC.

Kenya idali ndi Jason Dunford, amene adafika mu fainolo ija ya ku Beijing n'kukhala wachisanu, ndipo mu 2010 adatenga golide wa mamita 50 pa masewero a Commonwealth ku Delhi. Zambia idatumiza Ralph Goveia pa mamita 100 a butterfly ku Rio mu 2016.

Maiko amene osambira awo sadafike pa nthawi yoikika amapatsidwabe malo ochepa, kuti mpikisano ukhaledi wa dziko lonse. Umo ndi momwe mbendera ya Malawi imaonekera m'magulu a m'mawa. Ena amaseka akaona wathu akufika m'mbuyo, koma ndi bwino kufunsa kaye komwe munthuyo amaphunzirira. Mnzake wa njira yoyandikana naye amasambira kawiri pa tsiku m'dziwe la mamita 50 la madzi ofunda chaka chonse. Nyanja tili nayo, ndipo ana a m'mphepete mwake amasambira asanayambe sukulu, koma nyanja ilibe khoma, pamene mwaona kale kuti mipikisano imeneyi imathera pakhoma.

Nanga nkhani yoti anthu akuda sachita bwino m'madzi?

Ndi bodza lakale. Nesty uja wa mu 1988 ndi munthu wakuda, ndipo mu 2024 ndiye adali mphunzitsi wamkulu wa timu ya amuna ya America ku Paris. Pa Olimpiki yomweyo Josh Liendo wa ku Canada adatenga siliva wa mamita 100 ndi 49.99, kumbuyo kwa Milák amene adasambira 49.90. Chimene chimasowa ndi madziwe ndi aphunzitsi.

Panopa akulamulira ndani?

Palibe mfumu imodzi ngati nthawi ya Phelps, ndipo kwa woonera zimenezi n'zokoma. Ku Fukuoka mu 2023 mamendulo agolide adagawana atatu: Thomas Ceccon wa ku Italy pa 50, Maxime Grousset wa ku France pa 100, Marchand pa 200. Ku Doha mu 2024 Diogo Ribeiro wa ku Portugal adatenga 50 ndi 100, ndipo Tomoru Honda wa ku Japan 200, ngakhale akatswiri angapo sadapiteko chifukwa Olimpiki idali pafupi. Ku Singapore mu 2025 Grousset adatenga 50 ndi 100, kawiri konse akutsatidwa ndi Noè Ponti wa ku Switzerland, ndipo 49.62 yake pa mamita 100 idayandikira kwambiri rekodi ya Dressel. Mamita 200 adapita kwa Luca Urlando wa ku America. Dzina lina loti muzilimvera ndi Ilya Kharun, amene adatengera Canada mabulonzi awiri ku Paris.

Ndikamaonera pa kanema, ndiziyang'ana chiyani?

Musatengeke ndi amene watsogola pa mamita 50 oyamba. Yang'anani chiuno: ngati chikutumphukabe pamwamba pa madzi nthawi iliyonse manja akamalowa, munthuyo akadali ndi mphamvu. Yang'anani chibwano: wodziwa amapuma chibwano chili pafupi ndi madzi, wotopa amadzutsa mutu wonse. Ena amapuma pa kupalasa kulikonse, monga ankachitira Phelps, ena amadumphitsa kamodzi, ndipo Pankratov ankapumira cham'mbali. Pa khoma lomaliza onani amene wavuuka mochedwa, pafupi ndi chizindikiro cha mamita 15 pa chingwe. Akalowa mamita asanu omaliza, pomwe chingwe chimasanduka chofiira, siyani kuyang'ana mitu. Yang'anani manja, muone ndani akuponyanso ndipo ndani wayamba kuyandama, kenako dikirani bolodi musanayambe kukuwa.